Mpando wa Liness

Tsiku lililonse m'mawa, asanasukusule n'komwe, apongozi anga aamuna amatola thabwa limene lili pafupi, kuliika patsaya, n'kutsinzina diso limodzi. Amayang'ana m'mphepete mwake kuyambira kuno mpaka uko. Likakhala lowongoka amangoti "mm" n'kulibwezera. Likakhala lopindika amalinena ngati lili ndi makutu. Ngakhale mpini wa tsache langa anauyang'anapo choncho, ndipo mawa lake ndinapeza wina wosalala atautsamiritsa pakhomo la khitchini.

Dzina lawo ndi a Mateyu, koma ndangolilemba pano, pakamwa sindilitchula. Anthu a pa Thambani amawaitana ndi chiwongo chawo, a Ngozo. Ine ndimati bambo, ndipo ndimanena nditagwada, maso ali pansi. Iwonso akafuna madzi amafunsa apongozi anga aakazi, amayi Elsie, kuti kodi pakhomo pano madzi alipo, ine ndili pomwepo ndi ndowa. Si chidani ayi, ndi mmene munthu amakhalira ndi mpongozi wake. Ndinabwera pakhomopa kuchokera kwa Kanduku nditakwatiwa ndi mwana wawo Sungani, amene amayenda ndi mathiraki a ku Beira ndipo amabwera mwa apo ndi apo.

Ukalipentala anauphunzira kwa bambo wina wa ku Mozambiki amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo, n'chifukwa chake mpaka lero sowo amaitchula kuti serote. Sukulu itakhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndiwo anakhoma mabenchi a sukulu zingapo za kuno. Zitseko zambiri za pamsika ndi zawo. Anthu amati chitseko cha a Ngozo umatseka ndi chala chimodzi. Amayi ndiwo amakonda kuwonjezera kuti n'zoona, kupatula cha nyumba yawo, chimene mpaka lero umachita kukankha ndi phewa. Munthu akabweza chinthu kuti chili ndi vuto, bambo sakangana naye. Amachikonza, koma tsiku limenelo sadya bwino.

Laputopu inabwera ndi alamu anga a Malcolm, ang'ono awo a Sungani, amene amagwira ntchito ku Blantyre kumene amajambula zitsulo pa kompyuta zisanadulidwe. Anaibweretsa pa Khirisimasi, yakale ndithu, batire yake yosachedwa kutha, n'kukhala ndi bambo m'shedi tchuthi chonse kuwaphunzitsa. Aliyense ankati akungotaya nthawi. Koma bambo anazigwira. Ankavala magalasi, kulumikiza waya ku sola, n'kumayendetsa mausi ndi dzanja lawo lalikulu lija pang'onopang'ono ngati agwira mwanapiye.

Ine ndinkalowa m'shedimo kukatola zopala za matabwa zoyatsira moto, ndiye ndinkaonera kumbuyo kwawo. Si chithunzi ngati cha papepala ayi. Thabwa la mmenemo lili ndi utali wake, mulifupi mwake ndi kukhuthala kwake, ndipo ukhoza kulizunguza n'kuliona kumbuyo. Akajambula tebulo, mwendo uliwonse umakhala pawokha, thabwa lapamwamba palokha, zonse m'chipinda chimodzi chopanda pansi, chopanda makoma. Ndiye amakoka chimodzichimodzi n'kuchiika pamalo pake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mmenemo chinthu sichigwa. Thabwa ukalisiya m'malere limakhala m'malere momwemo. Pabenchi yeniyeni likanagwa n'kukuphwanya chala, n'kudziwa kuti walakwitsa.

Kujambula chidutswa chilichonse pachokha bambo ankatha bwino kwambiri. Chimene ankaopa ndi kuzunguza. Tsiku lina, a Malcolm atabwerera kale ku Blantyre, bambo anadina molakwika, tebulo lonse n'kugadabuka, miyendo m'mwamba. Analimbana nalo mpaka dzuwa kupendeka, kenako anaimba foni. A Malcolm anawathandiza, koma anayamba aseka kaye, ndipo kunkamveka anzawo a kuntchito akusekanso. Bambo anangodula foni. Kuyambira pamenepo ankayang'ana zojambula zawo kutsogolo kokha. Akamaika zidutswa pamodzi ankayandikiza nkhope pagalasi, kutsinzina diso, n'kukoka mpaka mizere itakumana.

Mwana wanga Liness anachedwa kulira pobadwa. Pano anzake akuthamanga, iye sakhala yekha. Ukamukhazika amagwera kumanzere, mutu n'kutsatira. Ndikamamudyetsa phala pamiyendo ankatsamwa kawirikawiri, n'kukhosomola mpaka maso kufiira. Amaseka kwambiri, makamaka akamva mbuzi ikulira. Kutchalitchi ndimakhala naye benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, chifukwa azimayi ena akamuona amati pepani, ngati pachitika maliro.

Mwezi uliwonse ndimakwera naye matola kupita pa Boma, kwa anthu a mafizo kuchipatala. Kumeneko kuli mayi Annette, a Chichewa chokoka cha kumpoto. Iwo anandiuza kuti Liness akufunika mpando womugwira m'chiuno ndi m'nthiti, wokhala ndi katebulo kutsogolo, kuti azidya khosi lili chilili. Anati ali ndi anthu amene amapanga mipando yotere ndi makatoni, kuwamata ambirimbiri mpaka kulimba, n'kupaka penti, ndipo amupangira wake. Ndinabwerera mtima uli mbee. Ndinauza amayi, amayi n'kuuza bambo.

Bambo anali akupala thabwa. Anaima, n'kulankhula akuyang'ana kukhoma.

"Mdzukulu wa kalipentala azikhala pa katoni ya sopo? Anthu akaona azifunsa kuti a Ngozo anamwalira liti."

Amayi anati katoni kapena mlombwa, chofunika n'chakuti mwana adye. Bambo anaika chopalira pansi. Anakwera pabenchi n'kutsitsa matabwa a mlombwa amene anawasunga kudenga la shedi kwa zaka, omwe ankati adzakhomera chitseko cha nyumba yawo. Amayi anangoti basi, chitseko chija tizikankhabe mpaka Yesu adzabwere.

Ulendo wotsatira ndinachita kukawauza mayi Annette kuti asavutike, agogo ake akhoma. Ndinanena ndikuyang'ana zala za kumapazi. Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako ananditumizira pafoni chithunzi cha mmene mpandowo uyenera kukhalira, n'kunena kuti asachedwe, mwana akukula. Sungani nditamuuza pafoni anati ndisalowepo, madalawo akati apanga amapanga.

Anachedwa. Tinakolola chimanga, manachesi anapsa mpaka kutha pamsika, bambo ali pa laputopu. Sankafuna kukhudza mlombwa asanamalize zonse m'makinamo. Anajambula thabwa lokhalira, lotsamira, awiri a m'mbali, katebulo, popondera mapazi, ndi mabawuti aatali olowa mbali ino n'kukatulukira mbali inayo. Anaziika pamodzi mwa njira yawo ija ya diso limodzi. Kutsogolo unkaoneka mpando weniweni, wokongola moti ndinkachedwa dala potola zopala. Nthawi yonseyi Liness ndinkamudyetsabe pamiyendo. Akatsamwa, bambo m'shedi ankasiya kuliza mluzu mpaka atamva kuti wapuma.

Pofika podula panali chinthu chimodzi chimene chinawaimitsa. Malo a mabowo anawapeza polasa mabawuti aja m'makinamo, n'kuwerenga kuti bowo lililonse latalikira bwanji kuchokera m'mphepete mwa thabwa. Manambala a thabwa lakumanja anasiyana ndi a thabwa lakumanzere. Ndinawamva akuuza amayi kuti moyo wawo wonse matabwa a m'mbali amawaphatikiza n'kuboola kamodzi, kuti mabowo afanane. Amayi anati ndiye chitani zomwezo. Bambo anati ayi, Malcolm ananena kuti makinawa salakwitsa ngakhale pang'ono, mwina pali chifukwa chake chimene iwo sakuchidziwa. Amayi anati muimbireni. Bambo anati mwanayo ali pantchito, asamusokoneze. Anaboola motsatira manambala.

Sanayesenso kulumikiza. Chidutswa chilichonse anachisalaza n'kuchipaka vanishi pachokha. Pabawo kumsika anali atauza kale anzawo kuti zojambula pa kompyuta sizifuna kuyesa, zimangolowana zokha, ndipo anawaitana kuti Lamlungu potuluka m'tchalitchi adzaone ndi maso.

Anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa. A Anderson a golosale, mnzawo wa bawo, anakhala patsogolo. Azimayi anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ine kumapeto, Liness nditamuveka diresi latsopano. Bambo anayala zidutswa pabenchi, zikunyezimira, fungo la vanishi lili guu. Anaimika thabwa lakumanja, n'kulowetsa bawuti yoyamba pansi pa chokhalira. Itafika ku thabwa lakumanzere inagunda mtengo. Bowo linali pataliko, ngati zala zinayi. Anasuntha thabwalo kuti bowo likumane ndi bawuti. Inalowa, ndipo enawo analowanso, anthu n'kuomba m'manja. Koma atauimika pansi, mbali yakumanzere inali itatsogola, yakumanja itatsalira. Katebulo kanayang'ana kumbali. Kumbuyo kumanzere, komwe Liness amagwera, kunatsala mpata woti phewa lake lonse likanalowamo.

"A Ngozo," anatero a Anderson, "mpandowu mwaupatsa ulendo? Taonani waponya kale mwendo. Ukupita ku Zobwe?"

Anthu anaseka, bambonso anayesa kuseka nawo. Kenako mayi wina pamkeka, sindimutchula dzina, ananong'oneza mnzake kuti bola, wafanana ndi mwini wake. Sananene mokweza, koma kuseka kunali kutangotha kumene. Ndinamva kutentha kumaso mpaka m'makutu. Ndinamufunditsa Liness chitenje ngati kukuzizira, chonsecho dzuwa lili pamutu. Nditadzutsa maso pang'ono ndinaona kuti bambonso amva. Sipanala inali m'manja, koma sankamanga kanthu. Amayi ndiwo anaimirira n'kuuza anthu kuti zikomo pobwera, mwana akufuna kugona.

Shedi inakhala yotseka. Bambo ankalawirira kudimba, ntchito imene kale ankati ndi ya anthu opanda luso m'manja, n'kubwera dzuwa litapendeka. Kubawo anasiya. Munthu wina anabwera kudzafuna mawindo, anamuuza kuti apite kwa kalipentala wina, iwo maso akuwavuta. Mpando uja anauphwasula okha n'kuika zidutswa pansi pa benchi, atazifunditsa thumba la feteleza.

Amayi ananditumanso pa Boma. Njira yonse m'matola ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma mayi Annette sanandifunse kalikonse. Anamuyeza Liness atamukhazika, akumuseketsa ndi makiyi, ndipo ulendo wotsatira ndinabwera ndi mpando wa makatoni, wopaka penti yobiriwira, atandimangirira pamwamba pa matumba a anthu. Anandichenjeza kuti umaopa madzi. Mwana akamaunyowetsa, ndiponso chinyezi cha dzinja chikabwera, sukhalitsa, choncho ngati agogo ake akadali ndi mtima wokhoma, asautaye. Pofika kunyumba ndinadzera kuseri, nditaukulunga m'chitenje ngati ndaba.

Tsiku limenelo Liness anamaliza phala lonse osatsamwa. Ankamenya katebulo ndi dzanja lake lamanja n'kumaseka. Ndinasangalala, koma ndinkachita manyazi kuti chisangalalocho chioneke pakhomo pa eni. Bambo pochokera kudimba anatipeza pakhonde. Anayang'ana mpandowo, kuyang'ana mbale yopanda kanthu, n'kufunsa amayi ngati mbuzi zamwa madzi. Mawa lake ndinawaona kudzera pawindo ataima pafupi nawo, mwana kulibe, akuugogoda ndi chala kuti amve kulimba kwake.

Amayi ndiwo anaimbira a Malcolm. Ndinawamva kuseri kwa nkhokwe akunena kuti mwana iwe, bambo ako akuwonda, uwaonetse pamene panalakwika, koma ukangoseka ndikwera minibasi ndi mthiko m'manja. Loweruka masana a Malcolm anaimba foni yoonana nkhope. Pankafunika wogwira foni kuti iyang'ane pa laputopu, ndipo amayi manja amanjenjemera, ndiye anaitana ine. Ndinali ndisanaimepo pafupi ndi bambo choncho. Ndinkamva fungo la sopo wawo ndi utuchi.

"Kwezani pang'ono, mayi," bambo anandiuza, osandiyang'ana.

Mpando unali pagalasi, wokongola monga kale. A Malcolm anati agwire batani lapakati la mausi n'kukokera pansi. Dzanja la bambo linangokhala pamwamba pake.

"Bambo, sichisweka ichi. Chikagadabuka tichibweza. Tiuone kuchokera pamwamba."

Anakoka. Mpando unawerama pang'onopang'ono mpaka tinauona ngati mmene khwangwala amaonera nyumba. Thabwa lakumanzere linali litatsogola, ndendende ngati la Lamlungu lija. Popondera mapazi sipanakhudze kalikonse, panangolenjekeka patsogolo pokhapokha. Bambo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Ndiye makinawa anangondibwezera zimene ndinawapatsa," anatero.

A Malcolm sanaseke. Anati vuto ndi lawo, anawaphunzitsa kudula koma sanamalize kuwaphunzitsa kulumikiza. Anawaonetsa mizere itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, imene imakumana malo amodzi pakati pa chipinda chija. Anati pamenepo ndi ngati chikhomo choyamba poyala maziko a nyumba. Thabwa lokhalira aliike pamenepo n'kuliloka kuti lisasunthenso, ndipo zina zonse zizichokera kwa ilo. Chidutswa asamachikoke ndi dzanja. Azisankha nkhope ya thabwa ili ndi nkhope ya thabwa ilo n'kuwauza makinawo kuti zigundane. Azisankha mphepete yakumbuyo ya ili ndi ya ilo n'kunena kuti zilingane. Bowo ndi bawuti aziuza kuti zikhale ndi pakati pamodzi. Akaika chilichonse aziyang'ana kutsogolo, kumbali ndi pamwamba asanapitirire.

Za thabwa lakumanzere anati asalijambulenso n'komwe. Akamaliza lakumanja, pali batani lolitembenuza ngati pakalilole, limatuluka linzake ndi mabowo ake omwe. Bambo ananena chapansipansi kuti ndiye kuphatikiza n'kuboola kamodzi kuja. A Malcolm anati eya, n'komweko. Mkono wanga unali utatopa koma sindinautsitse. Ndinkangoyang'ana pansi, chifukwa si bwino kuona nkhope ya apongozi ikakhala choncho.

Asanadule foni a Malcolm anawonjezera kuti akamaliza aikemo mwanayo, asajambule zambiri, kabokosi ka thupi ndi kampira ka mutu basi, kuti aone ngati akukwanamo.

Shedi inatsegukanso. Bambo anayambiranso kulumikiza, chidutswa chimodzi patsiku, nthawi zina ziwiri. Poyamba akazunguza ankagwira mpweya, koma kenako ndinkawapeza akungoutembenuza mpandowo uku ndi uku, kusuzumira kunsi kwake. Mluzu sunabwerere. A Anderson anabwera kudzawatenga kuti bawo ikuwasowa, n'kunena kuti zija anangocheza. Bambo anati akudziwa, koma abwera akamaliza. Mlombwa unali utatsala thabwa limodzi lokwanira mbali imodzi yokha. Amayi anati angotseka mabowo akale ndi timitengo n'kuboola ena. Bambo anati mwana akule akuona zigamba pampando wake? Thabwalo ankalitsitsa, kulisisita, n'kulibwezanso kudenga osalidula.

Mitambo itayamba kusonkhana cha ku mapiri a kumalire, bambo anajambulamo mwana uja. Ndinamuona ndikutola zopala: kabokosi, kampira pamwamba, timiyendo tiwiri. Anamuika pakati penipeni, msana utagunda thabwa lotsamira, mutu pamzere wake. Anakhala njo ngati msilikali. Anazunguza mbali zonse, palibe chinali m'malere, palibe chinatsogola. Ndinkayembekeza kuti anena kuti mm. Sananene.

Anatembenuka n'kuyang'ana pakhomo la shedi. Liness anali pakhonde mumpando wake wobiriwira, penti itayamba kusupuka pokhalira. Mpando umenewo suli wofanana mbali zonse. Kumanzere ndi kokhuthala, kuli chotupa cholowa m'nthiti, ndipo potsamira mutu ndi popendekeka pang'ono kutsatira khosi lake. Anthu a mayi Annette anachita dala, chifukwa anamuyeza ali chikhalire. Miyeso imene bambo anagwiritsa ntchito amayi ndiwo anawatengera ndi chingwe, atamugoneka Liness pamkeka n'kumuwongola miyendo ndi msana kuti chingwe chiyende bwino. Bambo eni ake anali asanamunyamule chichokereni ukhanda. Ankamupatsa moni ali chiimire, kumubweretsera nthochi, n'kupereka kwa amayi. Kale ndinkaganiza kuti amachita naye manyazi, ndipo ndinkamuchotsa panjira yawo. Mwina ankangoopa kumupweteka ndi manja awo aja. Sindinafunsepo.

Anayang'ana mwana wa pagalasi, kuyang'ana wa pakhonde, kangapo. Ine ndinatola zopala zanga msanga n'kutuluka.

Masana ndili kukhitchini ndinamva kukhosomola pakhomo. Anali bambo, tepi ili m'manja, pensulo kukhutu. Ndinagwada. Anaima kanthawi akukoka tepiyo n'kumaibweza.

"Mayi a Liness, thabwa latsala limodzi, sindifuna kulitaya. Tabwerani naye mwanayo m'shedimu, mumukhazike pa chokhaliracho ndimuyeze ndekha. Mumugwire mmene amakhalira. Musamuwongole."